Kamera ya Malume Isafere M'thiranki

Moni kwa inu a kuno kwa Mwase Lundazi, a ku boma, a ku Lumezi ndi ku Chasefu, komanso abale athu a kutsidya kwa malire, kwa Mwase Kasungu, ngati mawu athu akukupezani madzulo ano. Ntchito zakumunda zatha, sendezani wailesi pafupi, ticheze za luso la manja.

Ndiyambe ndi funso. Pakhoma la nyumba yanu, kapena m'kabuku kamene mumasunga pansi pa zovala, muli chithunzi chakale chimene mumachikonda. Mwina ndi cha ukwati wa makolo anu. Mwina ndinu nomwe muli kamwana, mwavala yunifolomu yokukulirani, mwaima chilili osaphethira chifukwa wojambula wanena kuti musagwedezeke. Chithunzicho mukuchidziwa bwino. Koma munayamba mwadzifunsapo kuti kamera imene inachijambula ili kuti lero?

Ambiri mwa makamera amenewo sanapite kutali. Ali m'mathiranki mwathu, ali pamwamba pa kabati, chikopa chake chikusendeka, fumbi lili mbuu. Ena ana anawasandutsa zidole. Lero tikambirana m'mene mungatsitsimutsire kamera yakale ya filimu ndi kuiveka chikopa chatsopano. Mfundo yaikulu ndi imodzi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti ikhazikike: zakunja konzani nokha modekha, zam'kati siyirani mmisiri.

Ndisanafike pa kakonzedwe, ndikuuzeni zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka lero zimandipweteka mumtima. Malume anga anagwira ntchito ku migodi zaka zambiri, ndipo pobwerera kumudzi anabwera ndi kamera. Atamwalira, tsiku logawa katundu, kamerayo inapezeka pansi pa thiranki, atakulunga m'malaya akale. Ine ndinali mnyamata, mtima uli phaphapha kufuna kuona m'kati. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo pabwalo, dzuwa likuswa mtengo. Munali filimu. Ndinaisolola yonse, n'kuikweza kudzuwa, poganiza kuti ndiona nkhope za anthu. Sindinaone kanthu. Sindinkadziwa kuti filimu yosatsukidwa ikaona kuwala, zonse zimene inasunga zimafufutika pomwepo. Zithunzi zomaliza zimene malume anajambula ndinazipha ndi manja angawa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo tsiku limenelo phulalo ndinadya ndine.

Choncho mukapeza kamera yakale, musathamangire kutsegula kumbuyo. Makamera ambiri ali ndi kachogwirira kozungulira pamwamba, kudzanja lamanzere. Kapindeni pang'onopang'ono molondola kamuvi kojambulidwa pamenepo. Kakamazungulira mopepuka osalimba, m'kati mulibe kanthu. Koma kakayamba kulimba, imani, muli filimu. Dinani kabatani kamene kamakhala kunsi kwa makamera ambiri, kenako pitirizani kupinda mpaka mutamva kuti kapepukanso. Pamenepo filimu yabwerera m'chibekete chake, mutha kutsegula. Filimu imene yakhala zaka zambiri nthawi zina imatulutsabe zithunzi, ngakhale zotuwa. Ndipo ngati mwatsegula mwangozi, tsekani msanga, zina zitha kupulumuka.

Mwina wina akufunsa kuti, tivutikirenji ndi chinthu chakufa pamene foni ili m'thumba? Funso labwino, tiyeni tilione.

Achikulire mukukumbukira wojambula wa panjinga. Ankafika Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi, kapena tsiku lotsekera sukulu, kamera ili lende pakhosi. Ena tinkati tikajambulitse, ena kutengera chilankhulo cha m'tauni ankati andikope. Mumapereka theka la ndalama, n'kudikira kuti filimu idzaze, ipite kutauni kukatsukidwa, ibwere. Pankapita masabata. Tsiku lobwera zithunzi mudzi wonse unkaunjirira, chithunzi chikuyenda dzanja ndi dzanja. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1964, kunalibe kamera ina koma ya filimu. Mwambo wa Kulamba utayambiranso ku Mkaika mu 1984, zithunzi zonse za zaka zoyambirirazo, za mafumu athu akupereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, zinatuluka m'makamera ngati omwewa. Chimodzimodzi onse amene anajambulitsa kale kutsogolo kwa Lundazi Castle, nyumba ija imene bwanamkubwa wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga mu 1948. Kamera imene ili m'thirankiyo ndi khasu limene linalima mbiri ya mabanja athu.

Ku Lusaka alipo anthu amene anazindikira zimenezi. Mu 2018 mayi wina wachitsikana, Sana Ginwalla, anapeza zithunzi mazanamazana zimene eni ake sanabwere kudzatenga, zitasungidwa kudenga la Fine Art Studios, imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zojambulira zithunzi mumzindawo. Kuchokera pamenepo anayambitsa ntchito yosonkhanitsa zithunzi zakale za anthu wamba yotchedwa Zambia Belonging. Bambo Alick Phiri, amene anaphunzira ntchito pa Fine Art Studios pomwepo n'kudzatsegula Kwacha Photo Studio ku Kanyama, zithunzi zawo zinasindikizidwa m'buku lotchedwa Lusaka Street. Ine ndimati ngati a ku Kanyama anasunga zawo mpaka dziko n'kuziona, ifenso kuno tili ndi ojambula athu, ndipo zida zawo siziyenera kuthera kudzala.

Chinanso, filimu sinafe monga ambiri amaganizira. Kampani ya Kodak inagwa m'mavuto aakulu a zachuma mu 2012, koma filimu ikupangabe mpaka lero. Mu 2024 a Pentax anatulutsa kamera yatsopano ya filimu, Pentax 17, chifukwa achinyamata m'maiko ambiri ayambanso kuifuna. Makamera akale amene ife tikuwaona ngati zinyalala, anzathu kwina akuwasaka ndi ndalama m'manja.

Ndipo makamera amenewa ndi olimba. Tembenuzani yanuyo muwerenge dzina. Mwina ndi Pentax K1000, imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1976 n'kupitirira zaka zoposa makumi awiri. Mwina ndi Zenit ya ku Russia, yolemera ngati mwala wa mphero. Mwina ndi Olympus Trip 35, kakang'ono kaja kamene sikafuna batire n'komwe, kapena Yashica. Ambiri mwa amenewa amayenda ndi masipuling'i ndi timagudumu tamano, monga wotchi yopinda ija. Pa K1000 batire ntchito yake ndi yongoyeza kuwala. Ngakhale mulibe, kamera imajambula. N'chifukwa chake nthawi zambiri matenda a kamera yakale amakhala a pakhungu: litsiro, chikopa chosendeka, ndi timasiponji towola. Amenewo ndi matenda oti inu ndi ine tingachize. Tikabwerako ku nyimbo, tikwinya malaya tiyambe ntchito.

(Nyimbo)

Takulandiraninso. Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za kukonza ndi kuveka chikopa kamera yakale ya filimu, ndipo tanena kuti zakunja konzani nokha modekha, zam'kati siyirani mmisiri.

Yalani nsalu yoyera patebulo, pamalo owala koma opanda mphepo. Mukhale ndi sipiriti pang'ono, thonje, kansalu kofewa, timitengo totokosera m'mano kapena kansungwi kosongola, lezala watsopano ndi sizasi. Musanachotse chilichonse, ijambuleni kamerayo ndi foni mbali zonse, kuti mudzakumbukire m'mene inalili.

Yambani ndi kachipinda ka batire. Mukapeza zoyera ngati mchere wouma, ndiye kuti batire inaphulikiramo. Ichotseni, pukutani ndi thonje lonyowetsa pang'ono ndi viniga, kenako muumitse bwino. Thupi la kamera lipukuteni ndi kansalu kodontheza sipiriti. Ndati kodontheza, osati konyowa chonyowa, chifukwa chamadzi chikalowa m'kati chimakayambitsa zina.

Tsopano tsegulani chitseko chakumbuyo, filimu mutachotsa kale. Yang'anani m'timingalande tozungulira khomolo ndi pamene pali mahinjesi. Pamenepo opanga anaika kasiponji kakuda kotchinga kuwala kuti kasalowe. Pakapita zaka kasiponjiko kamawola, kamasanduka phala lakuda lomata ngati phula la pamsewu. Kamera yotere ikajambula, zithunzi zimatuluka ndi mizere yofiira ngati zapsa ndi moto, ndipo ambiri anataya makamera abwinobwino pa chifukwa chokhachi. Mankhwala ake ndi osavuta. Nyowetsani kamtengo ndi sipiriti, palani phalalo pang'onopang'ono, mukusamala kuti nyenyeswa zisagwere pa kansalu kapena timalata topyapyala timene tili pakatipo, timene amati shata. Mukayeretsa, tengani ulusi wakuda wolukira majuzi, muulowetse m'mingalandemo ndi kamtengo komweko. Pa mahinjesi matanipo kachidutswa kakang'ono ka nsalu yakuda yamanyunyu. Tsekani chitseko mumve ngati chikugwira bwino. Amayi oluka majuzi, apa ndinu madokotala.

Tifike tsopano pa chikopa, pamene pagona nkhani yathu.

Chimene timachitcha chikopa pa makamera ambiri si chikopa chenicheni cha nyama. Ndi pulasitiki kapena nsalu yopakidwa, yongofanizira. Makamera akale a Leica a ku Germany ankawaveka mphira wouma, umene ukakalamba umasweka ngati chigoba cha dzira. Ma Yashica ena, monga FX-D, amadziwika kulikonse kuti chovala chake chimanyenyeka n'kumatsalira m'manja. Komatu chovala chimenechi sichongokongoletsa. Chimathandiza kuti kamera isaterereke m'manja, ndiponso chimaphimba masikuluu ndi timabowo timene mmisiri amalowera pokonza, kuti fumbi lisalowe.

Apa ndinenepo maganizo anga. Ngati chikopa chakale changotukuka pakona koma chonse chili bwino, musachichotse. Pakani kaguluu pang'ono pansi pake ndi kamtengo, mutsindire, basi. Chikopa chimene malume anu anagwira ndi zala zawo kwa zaka makumi atatu chili ndi ulemu wake, ndipo ngakhale ogula amakonda kamera yokhala ndi chovala chake chobadwa nacho. Kusenda ndi kwa chikopa chimene chatheratu.

Chikatheratu, chitani motere. Donthezani sipiriti m'mphepete, dikirani kanthawi kuti guluu wakale afewe, kenako lowetsani kansungwi pansi pake n'kumatukula pang'onopang'ono. Mpeni ayi, umakanda chitsulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yesetsani kuti chidutswa chilichonse chituluke chathunthu, chifukwa chimenecho ndicho chikhale muyeso wanu, monga telala amayezera pa malaya akale. Nthawi zina pansi pa chikopa pamakhala timalata ting'onoting'ono tophimba mabowo, ndipo timatha kumatirira ku chikopa chakalecho. Mukatiwona, tibwezereni pamalo pake. Ngati chikopa chanyenyeka moti simungayezerepo, ikani pepala lopyapyala pa kamerapo, mutsindire ndi chikhadabo m'mphepete monse mpaka mzere uoneke, mudule. Liyeseni pepalalo kawiri katatu. Pepala likalakwika mutenga lina, koma chikopa chikalakwika mwataya.

Guluu yense wakale achoke, chitsulo chisalale. Mukasiya zotsalira, chovala chatsopano chidzaoneka ndi timatuza ngati khungu lolumidwa ndi nsikidzi.

Nanga chikopa chatsopano muchipeza kuti? Pitani pa salaula, abale a ku Malawi amati kaunjika, mukafune kachikwama ka amayi kakale, kapachikwama ka ndalama, kapena magolovesi achikopa. Chofunika ndi kupyapyala. Chisanenepe kuposa khadi la kubanki, chifukwa pa kamera pali kamlomo kachitsulo kozungulira, ndipo chikopa chiyenera kukhala m'kati mwa kamlomoko, osatumphukira pamwamba. Chikopa cha mbuzi chofufutidwa bwino n'chabwino kwambiri, n'chopyapyala koma cholimba. Koma chikopa chachiwisi chongoyanika padzuwa, chonga chokungira ng'oma, musayese. Chimakwinyika mvula ikayamba, ndipo chimaitana tizilombo. Chikopa chikanenepa, pitani nacho kwa wosoka nsapato pamsika akupalireni kunsi kwake. Anthu amenewa ali ndi dzanja la ntchito imeneyi kuposa tonsefe, ndipo ndingakonde kuona wosoka nsapato wa kuno kwathu akuwonjezera luso limeneli pa benchi yake.

Ikani muyeso wanu pa chikopa, mulembe kunsi kwake, mukukumbukira kuutembenuza kuti lamanja lisasanduke lamanzere. Dulani ndi lezala wakuthwa pa thabwa losalala. Makamera ambiri ali ndi kandodo kutsogolo, kaja wojambula ankapinda kuti athamange akaime nawo pa chithunzi. Musalimbane n'kukachotsa. Boolani kabowo, mung'ambe kamzere kakang'ono, chikopa chilowe mokazungulira.

Guluu wake ndi yemwe uja womatira nsapato. Pakani wochepa kwambiri pa chikopa ndi pa chitsulo, kutali ndi mabowo ndi zonse zoyenda, dikirani mpaka asiye kumata chala, ndiye mugundanitse. Yambirani kufupi ndi galasi la kutsogolo kupita kunja, mukutsindira ndi chala kuti mpweya utuluke. Guluu ameneyu akagwira wagwira, choncho yang'anitsitsani musanatsitse. Tamverani bwino apa: supaguluu musamuyandikize pa kamera. Nthunzi yake imasiya zoyera pa magalasi, ndiponso tsiku limene mmisiri adzafune kufika pa masikuluu aja adzachita kuswa. Mukamaliza isiyeni igone usiku wonse pamalo opita mphepo.

Wina afunsa za chitenje. N'zotheka, ndipo kamera yovala chitenje imakongola ndithu. Matani nsaluyo pa pepala lolimba kaye kuti isamasosoke m'mphepete. Dziwani chabe kuti imada msanga ndi thukuta la m'manja. Ngati kamerayo mukufuna kudzagulitsa, chikopa chakuda ndicho sichikhumudwitsa munthu.

Tamaliza zakunja. Tsopano zam'kati, zimene ndati siyirani mmisiri. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: kamera itha kunyezimira ndi chovala chatsopano koma m'kati ikudwala. Kuti mudziwe, tsegulani kumbuyo, lozetsani kamera kukhoma lowala, pindani kandodo kokokera filimu, mudine. Muyenera kuona kuwala kukung'anima n'kutseka. Sinthani liwiro, muyesenso, mukumvetsera. Ikamachedwa kutseka kapena kukakamira, ndiye kuti mafuta akale anauma. Nthawi zina kungoidina kambirimbiri kumaimasula. Ikakana, isiyeni, musaikakamize. Ndipo chonde musathiremo mafuta, kaya a makina osokera, a njinga, ophikira, kapena opopera aja omasulira mabawuti. Mafuta amayenderera mpaka pa shata ndi pa magalasi, fumbi n'kumatirira, kamera n'kufa imfa yeniyeni. Kagalasi koonera nkhope kamene kali m'kati mukachotsa lenzi musakakhudze ndi chala kapena nsalu, chifukwa siliva wake ali pamwamba ndipo amakandika msanga. Ngati kamera ili ndi fulashi, musaitsegule m'mimba. Muli kachipangizo kosunga magetsi amphamvu, kamene kangakumenyeni koopsa ngakhale batire mutachotsa. Wokonza mawotchi wodziwa ntchito angathandize pa zing'onozing'ono, koma mufunseni kaye ngati anatsegulapo kamera.

Mdani wina ndi chuku. Kwezani lenzi kowala muyang'ane m'kati. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku chomera pagalasi, ndipo chikakhalitsa chimadya galasilo osachirikanso. Alimi a fodya ndi mtedza mukudziwa zimene chinyezi chimachita m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Kamera nayonso imaopa zomwezo: mdima, chinyezi ndi kusowa mphepo. Thiranki ndiye malo oipitsitsa. Ichotseninso m'kachikwama kake kachikopa, chifukwa kamasunga chinyontho. M'dzinja isungeni m'chigubu chotseka bwino, muikemo timapaketi tija topezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'mabotolo a mankhwala, toyamwa chinyezi. M'chilimwe itulutseni ipume, muidine kangapo mwezi uliwonse. Isakhale kukhitchini kuli utsi, ndipo musaisiye galasi litapenya dzuwa, chifukwa galasi limasonkhanitsa kutentha mpaka kuboola kansalu ka m'kati. Batire muzichotsa nthawi zonse mukamaisunga.

Sindikubisirani, kujambula ndi filimu masiku ano n'kodula. Filimu simuipeza pa golosale ya kuno, muyenera kutuma wopita ku mizinda ikuluikulu, ndipo otsuka atsala ochepa. Si aliyense angakwanitse. Koma ngakhale kamerayo isadzajambulenso, ikakhala yoyera, yovala bwino, pa shelefu pafupi ndi zithunzi zimene inajambula, mdzukulu adzafunsa kuti ichi n'chiyani, ndipo nkhani ya banja idzayambira pamenepo. Sukulu zathu nazonso zingapindule: palibe njira yabwino yophunzitsira mwana za kuwala kuposa kumutsegulira kamera aone yekha shata ikutsegula ndi kutseka. Ndipo akabwera wogula zitsulo zakutha kapena mlendo wofuna kukupatsani ya sopo, musafulumire. Tumani mwana afufuze dzina la kamerayo pa intaneti, mudziwe mtengo wake weniweni musanagwirizane. Manegetivu aja abulauni amene amapezeka m'maenvulopu akale musatayenso, chifukwa kuchokera pamenepo zithunzi zitha kutsukidwanso, ngakhale chapakhomacho chitafufutika.

Kamera ya malume ija ndikadali nayo. Ndinaiveka chikopa cha kachikwama kakuda ka pa salaula, ndipo m'mingalande mwake muli ulusi wa juzi umene anandipatsa mayi anga. Imajambula bwinobwino.

Nthawi yathu yatha, omvera. Pempho langa ndi ili: mawa kukacha, tsegulani thiranki lija. Mukaipeza kamera, musatsegule kumbuyo musanayese kachogwirira kaja. Zakunja konzani nokha modekha, zam'kati siyirani mmisiri. Kenako pitani nayo kwa agogo akadali moyo, muwafunse kuti inali ya yani, inabwera bwanji pamudzi pano, ndipo inajambula ndani. Zimene akuuzenizo mulembe pa kapepala, musunge pamodzi ndi kamerayo.